Kuoda mafyuzi a forklift ya batire

Achimwene, mwafunsa ngati muli phindu m'mafyuzi a forklift ya batire, komanso kuti katunduyu amalowa bwanji m'dziko muno. Phindu lilipo, pakuti katundu wake ndi wopepuka ndipo ogula alipo: nyumba zosungira katundu ku Kanengo, makamaka msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo. Koma amene amaluza pa geni imeneyi ndi amene amagula poyang'ana ma amp okha.

Forklift zambiri zimayendera batire la 24V, 36V, 48V kapena 80V. Mafyuzi a galimoto amene ali mbwee ku Malangalanga, kaya a timano tiwiri aja kaya MEGA wamba, malire awo ndi 32V. Mukaika yotere pa makina a 48V igwira ndithu, mpaka tsiku lomwe idzapse. Magetsi a ESCOM amasinthasintha mbali, choncho moto wa mkati mwa fyuzi umazima wokha. A batire amapita mbali imodzi, ndiye motowo umapitirira kudumpha pa mpata waung'onowo, n'kusungunula chogwirira fyuzi, mwinanso kuononga controller (kabokosi koyendetsa mota), yomwe mtengo wake ungagule mafyuzi mazana. Funani zolembedwa 80V DC: za muyezo wa DIN 43560 zimene zimapezeka m'makina a ku Ulaya monga Linde ndi Jungheinrich, ANN ya Bussmann, kapena FKS ya timano.

Musanakwere basi, makaniko wa kasitomala akutumizireni pa WhatsApp chithunzi cha fyuzi yakale, manambala akuoneka bwino, ndi cha kachitsulo kolembedwa mtundu wa makina. Ayezenso mpata wa mabowo a mabawuti. Wa MEGA ndi 50.8 mm, wa MIDI (yocheperako) ndi 30 mm. Mukaphonya apa, katundu akugonerani. Ma amp akhale omwewo ndendende: ngati inali 355A, musabweretse 425A poti ndi yomwe inalipo. Zazikulu odani zikafunidwa, muonjezepo ziwiri kapena zitatu. Zing'onozing'ono za 5A, 10A ndi 15A tengani paketi yonse.

Ambiri amapikula ku Johannesburg, n'kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, kulowera pa Mwanza kapena Dedza. Gulani kwa ogulitsa zida za forklift ndipo akupatseni invoisi yolemba nambala ya chinthu chilichonse, chifukwa a MRA amawerengera msonkho pamenepo. Mafyuzi amagwera pa nambala ya msonkho ya HS 8536.10. Musayembekezere kuchotseredwa msonkho kudzera ku SADC, ngakhale ku STR ya COMESA (ndondomeko ya amalonda ang'onoang'ono odutsa malire) pa Mchinji: zimenezo ndi za katundu wopangidwa m'mayiko a m'chigawo chino, pamene mafyuzi ambiri amapangidwa kutali, ku South Africa amangodutsirako. Poika mtengo werengerani msonkho, VAT ndi mtengo weniweni umene mwagulira randi.

Chovuta china ndi kasitomala wobwera kudzati fyuzi yanu ndi yabodza, yapsanso. Kawirikawiri vuto lili m'makina: nati yosamangitsa imatenthetsa fyuzi, batire lofooka limachititsa mota kukoka magetsi ambiri, kapena waya wakhulika n'kukhudza chitsulo. Yakuda mbali imodzi cha pa bawuti, ganizirani nati. Yopsa akangotembenuza kiyi, pali shoti penapake, ndipo asaikenso ina asanayeze. Posintha azule kaye pulagi ya batire n'kudikira, poti controller imasungabe magetsi kwa kanthawi. Waya wa kopa m'malo mwa fyuzi, muwakanize ndithu, ngakhale lole ikudikira katundu pageti.