Mwana wasamba m'nyanja sabata yatha: mankhwala a likodzo amwe liti?

Mayi, mankhwala a likodzo otchedwa praziquantel musam'mwetse panopa. Dikirani masabata 6 mpaka 8 kuchokera tsiku limene anasamba ku Cape Maclear, kenako mupite naye kuchipatala akayezedwe mkodzo ndi chimbudzi.

Mankhwalawa amapha nyongolotsi zokhwima basi. Zimene zangolowa pakhungu kuchokera ku nkhono za m'madzi zimakhala zidakali zazing'ono, ndiye mukam'mwetsa lero zimapulumuka, inu n'kukhala mutakhazika mtima pansi. Ine ndinachita phuma lomweli ndi mwana wanga wamwamuna, ndipo patatha miyezi itatu tinaona magazi kumapeto kwa mkodzo. Zinandiwawa kwambiri.

Ndatchula chimbudzi chifukwa kuyambira 2017 ofufuza anapeza nkhono zofalitsa likodzo la m'matumbo m'mbali mwa nyanja ku Mangochi. Mazira a limeneli amaoneka m'chimbudzi, osati mu mkodzo ayi.

Mlingo wa praziquantel ndi 40 mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi, choncho amuyeze pa sikelo, musangoyerekeza, ndipo amwe atadya.

Koma akatentha thupi, kutsokomola kapena kutuluka ziwengo masabata amenewa asanakwane, musadikire. Thamangirani kwa dokotala tsiku lomwelo, amuyezenso malungo.