Shopu ya pa intaneti ikamachedwa, musathamangire kugula seva

Mwandilembera kuti shopu yanu ya pa intaneti imayenda bwino masiku wamba, koma pa Black Friday masamba amachedwa kutseguka mpaka anthu amangochoka osagula. Mukufunsa ngati mugule seva (kompyuta) yaikulu ya database, nkhokwe imene imasunga mayina, mitengo ndi kuchuluka kwa katundu wanu. Achimwene, ndalamazo zisungeni kaye.

Makasitomala ambiri amangoyang'ana nsapato, mtengo wake, saizi, kenako n'kupita pa katundu wina. Ogula enieni ndi ochepa. Koma aliyense akatsegula tsamba, pulogalamu yanu imafunsa database funso lomwe lija. Maseva a pulogalamu mutha kuwachulukitsa mosavuta, koma database nthawi zambiri imakhala imodzi, ndiye mzere wonse umathera pakhomo pake.

Apa ndi pamene cache imathandiza. Imakhala pakati pa pulogalamu ndi database n'kumasunga mayankho mu RAM, mbali ya kompyuta imene imawerengeka mwachangu kwambiri. Woyamba kufunsa amapita ku database, otsatira onse amatenga yankho pafupi, ngati wapagolosale amene amaika sopo ndi mchere pakauntala kuti asamangolowa kuchipinda chosungira katundu. Brad Fitzpatrick analemba pulogalamu ya cache yotchedwa Memcached mu 2003 chifukwa webusaiti ya LiveJournal inali pa vuto ngati lanuli, ndipo ina yotchedwa Redis, ya Salvatore Sanfilippo, inabwera mu 2009. Ine ndingayambe ndi Redis.

Vuto lake ndi lakuti cache imatha kunama. Mwatsitsa mtengo, iyo ikuonetsabe wakale. Choncho chilichonse chimene mwasunga chipatseni nthawi yothera, yomwe amati TTL, ndipo mukasintha katundu mu database muzifufuta zakalezo mu cache nthawi yomweyo. Mayina, mafotokozedwe ndi magulu a katundu angakhalemo nthawi yaitali popanda vuto.

Koma polipira, cache musaikhulupirire ngakhale pang'ono. Nsapato yatsala peyala imodzi, anthu awiri aiona kuti ilipo, onse alipira. Mmodzi mudzamubwezera ndalama ndi kupepesa, mwinanso sadzabweranso. Kuchuluka kwa katundu ndi mtengo womaliza muziwerenga ku database yeniyeni, mkati mwa transaction, ndiko kuti kuwerenga ndi kuchotsera katunduyo zichitike ngati ntchito imodzi.

Chinanso, TTL isamathe nthawi imodzi pa katundu yense, chifukwa khamu lonse lidzagwera database kamodzin'kamodzi. Siyanitsani nthawizo, ndipo malonda asanatsegulidwe dzazani cache ndi katundu amene mukudziwa kuti adzayenda.

Musanachite zonsezi, tsegulani slow query log, kaundula wa mafunso amene database ikuchedwa kuyankha, ngati database yanu ndi ya MySQL. Mwina pakungosowa index imodzi, mlozera wothandiza database kupeza zinthu msanga.