Njinga yotsamira, koma matako ali moto

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa owerenga athu ena amene amakhala ku Leeds, ku England. Ndaidula pang'ono, koma mfundo yake ndi iyi: "Msana ndi khosi zinkandivuta pa njinga wamba, ndiye ndinagula yotsamira ija, ya matayala awiri, kwa munthu amene anaikwerako kale. Msana wasiya, manja sakuchitanso dzanzi. Koma ndikapalasa mphindi 40 zokha, matako amayamba kuotcha, kenako kuwawa mpaka ndimatsika. Ndaikapo khushoni wa pasofa koma palibe chasintha. Kodi ndataya ndalama?"

Achimwene, ndalama simunataye. Koma khushoniyo abwerere pasofa lero lomwe, alamu asanamufune.

Kwa amene simunaionepo, njinga imeneyi Azungu amaitcha recumbent. Munthu umakhala ngati uli pampando wa ndalema, msana utatsamira, mapedulo ali kutsogolo m'malo mokhala pansi. Si yachilendo ayi. Mu 1933 Francis Faure wa ku France anayenda makilomita 45.055 pa ola limodzi pa njinga yotere, yopangidwa ndi Charles Mochet, n'kuposa akatswiri onse a nthawi imeneyo. Chaka chotsatira bungwe la UCI, loyendetsa mipikisano ya njinga padziko lonse, linailetsa m'mipikisano yake, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene simuionera kawirikawiri pamsewu.

Ululu mukunenawo ndi wodziwika, moti okwera njingazi anaupatsa dzina lakuti recumbent butt. Pa njinga wamba thupi limakhazikika pa timafupa tiwiri ta pansi pa matako, kulemera kwina kuli m'manja ndi kumapazi, ndipo pachitunda mumaimirira, magazi n'kuyenda. Pa yotsamira mwakhalira mnofu weniweniwo, womwe uli pantchito yokankha mwendo. Mnofu ukamagwira ntchito umafuna magazi ambiri, koma inu mwaupsinja ndi thupi lonse, ndipo kuimirira kulibe. Zili ngati kuthirira dimba ndi paipi imene mwaiponda nokha. Taganizirani wokwezedwa pa kabaza: amakhalira matako omwewo ulendo wonse, n'kutsika bwinobwino, chifukwa wotchova ndi wina.

N'chifukwa chake khushoni sathandiza. Siponji yofewa imangomira, thupi n'kulowamo, mnofu n'kufinyika mbali zonse. Imasunganso thukuta. Ndinayesapo ine, siponji yodula kumatiresi akale, yomanga ndi mphira wa tchubu. Nditatsika ndinapeza yaphwatalala ngati chitumbuwa chopondedwa, kabudula ali chonyowa, ululu uli pomwepo.

Chimene chinandichiritsa ndi sipanala. Suzumirani kuseri kwa mpando wanu, mupeza tizitsulo tiwiri tochirikiza chotsamira, nthawi zambiri tokhala ndi mabowo ndi kapini, kapena bawuti yoyenda m'kampata. Anthu ambiri ongoyamba amaimika mpando kwambiri, chotsamira chili pafupifupi madigiri 50 kuchokera pansi, poopa kugwa komanso pofuna kuona bwino kutsogolo. Pamenepo kulemera konse kumatsikira pamatako. Mukaugoneka, msana wonse umayamba kusenzako mtolowo, kuyambira m'chiuno mpaka m'mapewa. Njinga zampikisano zimagonekedwa mpaka madigiri 25 kapena kucheperapo, koma inu simukuthamangitsa Faure. Tsitsani bowo limodzi, mukwere maulendo atatu kapena anayi, kenako bowo linanso. Ambiri amapeza mtendere akafika cha m'ma 35 mpaka 40.

Ndikuchenjezeni, kugoneka mpando kuli ndi msonkho wake. Masiku oyamba njinga idzakhala ngati ikudzandira mukamanyamuka kapena mukamakwera chitunda pang'onopang'ono, ndiye kayesereni pamalo oimika magalimoto Lamlungu, popanda anthu okusekani. Khosi nalo likhoza kudandaula, ndipo inu mwanena kuti linkakuvutani kale. Likatero, pali kotsamiritsa khosi kamene amamangirira pamwamba pa mpando, kapena bwererani bowo limodzi. Osalimbana nalo.

Popeza munagula kwa munthu wina, ndikukayika ngati mtunda wa pakati pa mpando ndi mapedulo ndi wa miyendo yanu. Khalani bwino, chiuno chigunde kumbuyo kwa mpando, ikani chidendene pa pedulo imene ili kutali kwambiri. Mwendo uwongoke ndendende. Mukabwezera phazi pamalo ake opondera, bondo likhale lopindika pang'ono. Mapedulo akatalikitsa, mumaseseleka kuwatsatira osadziwa, n'kumakhalira kafupa ka kumapeto kwa msana, ndipo ululu wake ndi wina, wobaya. Pa njinga zina mumasuntha mpando, pa zina mumakankha kapena kukoka chitsulo chakutsogolo chonyamula mapedulo. Mukasuntha chitsulocho kwambiri, tcheni nacho chifunika kuonjezera kapena kudula. Sinthani sentimita imodzi basi nthawi iliyonse, ndipo lembani chizindikiro pamene munayambira.

Kenako magiya. Ife amene tinakulira pa njinga za giya imodzi tili ndi chizolowezi chokankha ndi mphamvu ngati tanyamula matumba a makala. Pa yotsamira chiyeso chake n'chachikulu, chifukwa muli ndi chotsamira choti mudzikankhirepo. Lekani. Ikani giya yopepuka, miyendo izizungulira maulendo 80 mpaka 90 pa mphindi. Werengani bondo limodzi kwa masekondi 15, lipitirire 20. Mudzaoneka ngati mukupupuluma, koma matako adzapuma.

Za chovala sinditalikitsa: kabudula wa okwera njinga, wa siponji pakati pa miyendo uja, anamusokera okhala pa chishalo cha njinga wamba, pano alibe ntchito. Valani wopanda msoko wokhuthala kumbuyo, ndipo chikwama cha ndalama chichoke m'thumba lakumbuyo. Ngati mpando wanu ndi wa nsalu yonga ukonde, mangitsani zingwe zake zimene zalenda. Ngati ndi wolimba, choyalapo chake chikhale cholimbirako ndi cholowa mpweya, monga cha kampani ya Ventisit ya ku Netherlands.

Chotsala ndi nthawi. Minofu imeneyi sinazolowere ntchitoyi. Musadikire mphindi 40 zija. Pa mphindi 25 tsikani, yendani pang'ono, mukwerenso. Potsetsereka kankhani mapazi ndi mapewa, munyamule chiuno masekondi ochepa. Kwa ine zinatenga pafupifupi miyezi iwiri.

Ululu wa mtundu uwu umatha mukangotsika n'kuyenda mphindi zingapo. Ukakhala kuti ukutsikira kuseri kwa ntchafu mpaka kuphazi, kapena dzanzi likugona nanu mpaka m'mawa, umenewo ukhoza kukhala mtsempha wochokera kumsana, ndipo ndi mbiri ya msana wanuyo, kaonaneni ndi dokotala musanakwerenso. Ngati zizindikirozi palibe, tsitsani bowo loyambalo Loweruka lino, ndipo munditumizire chithunzi chojambulidwa cham'mbali mutakhalapo, mwendo umodzi utatambasuka, ndione bondolo.