Ndege isanafike, uthenga wake umakhala utafika kale

Amayi ena a ku Chelstone andilembera imelo. Mwana wawo anakwera ndege kupita ku Lilongwe, ndiye akufunsa kuti: "Ikatuluka mu Zambia, a ku Malawi amadziwa bwanji kuti ikubwera? Kapena imangotulukira ngati minibasi pa Kulima Tower?"

Ayi amayi, kumwambaku kulibe zotulukirana.

Ndege isanayatse n'komwe injini pa Kenneth Kaunda International Airport, pamakhala patatumizidwa flight plan, chikalata chofotokoza dongosolo la ulendo wake. Mmenemo muli nambala ya ulendo, mtundu wa ndege, njira yomwe idutse, kutalika komwe iuluke, ndiponso bwalo lina lotera zinthu zikavuta. Mabwalo salembedwa ndi mayina athuwa: Lusaka ndi FLKK, Kamuzu ya ku Lilongwe ndi FWKI. Nthawi nayo ndi ya UTC, nthawi imodzi yogwiritsidwa ntchito pa dziko lonse, moti 8 koloko m'mawa kuno iwo amalemba 0600. Zonsezi zimatsata malamulo a ICAO, bungwe loona za maulendo a ndege pa dziko lonse lomwe linachokera pa pangano la ku Chicago la 1944. Uthengawo umayenda pa netiweki yawoyawo, yakale yotchedwa AFTN kapena yatsopano ya AMHS, n'kufika kwa aliyense amene ndegeyo idutse m'dera lake.

Koma pomwe pagona nkhani ndi pamalire. Ndege ikamayandikira, woyang'anira ndege za mumlengalenga wa ku Lusaka amauza mnzake wa ku Lilongwe kuti ifika pamalo akutiakuti nthawi yakuti, ili m'mwamba motalika mwakuti. Mnzakeyo amabwereza mawuwo kuti pasakhale kumva molakwika. Akavomera, woyendetsa ndege amauzidwa kusintha frequency ya wailesi, basi yalowa m'manja ena. Kwina makompyuta amapatsirana okha zimenezi, koma foni sinatayidwe.

Ine ndimaona kuti anthu timatengeka ndi radar, makina oonetsa pomwe ndege ili, pamene chingwe cha foni cha pakati pa maofesi awiriwa ndicho chofunika kuchisamala. Pa 1 July 2002 ndege ziwiri zinawombana pamwamba pa Überlingen ku Germany, anthu 71 n'kufa. Usiku umenewo foni ya woyang'anira wa ku Zurich ku Switzerland, yemwe ankatsogolera ndegezo, inali itazimitsidwa chifukwa cha ntchito yokonza. Mnzake wa ku Karlsruhe ku Germany ankaona pa sikirini kuti ndegezo zikuyandikirana, anaimba kangapo, foni osalowa.

Mwana wanu akamabwerera, mufunseni nthawi yonyamukira ku Lilongwe. Mukamadzuka kukamuchingamira, a pa nsanja ya pabwalo adzakhala ataona kale nambala ya ndege yake.