Chigamulo cha Gaertner ndi geni ya ku Joni: pomwe a SARS amafunika waranti ndi pomwe safunika

Achemwali, mwafunsa kuti geni yokaoda katundu ku Joni imayenda bwanji, komanso ngati ndi zoona kuti khoti la ku South Africa linaletsa a kasitomu kuchita chipikisheni kapena kugwira katundu popanda waranti, chikalata cha khoti chowapatsa chilolezo. Ndiyamba ndi za khotizi, chifukwa m'mabasi anthu amazikokomeza, ndipo amene anazimva theka ndi amene katundu wawo amatsalira pa Beitbridge.

Mlandu wake umatchedwa Gaertner v Minister of Finance. Mu 2012 a SARS, bungwe lotolera msonkho lomwe limayang'aniranso za kasitomu m'dzikomo, anakachita chipikisheni pa kampani ina ya ku Cape Town yoitanitsa zakudya za m'mafiriji, kenako anakalowanso m'nyumba ya mkulu wa kampaniyo, a Gaertner. Waranti analibe, ndipo lamulo la nthawi imeneyo silinkafuna kuti akhale nayo. Gawo 4 la Customs and Excise Act ya 1964 linkalola wa kasitomu kulowa pamalo alionse, nthawi iliyonse, mosachenjeza, ngakhale kuthyola chitseko, kugumula khoma kapena kukumba pansi. Khoti lalikulu la ku Western Cape linati zimenezi zikuphwanya gawo 14 la malamulo aakulu a dzikolo, lomwe limateteza munthu kuti asamalowereredwe m'nyumba ndi m'zinthu zake. Constitutional Court inavomereza zimenezi pa 14 November 2013 m'chigamulo cholembedwa ndi Justice Madlanga, n'kupatsa nyumba ya malamulo miyezi 6 kuti ikonze lamulolo.

Pamene anthu amasokonezera ndi apa. Khoti silinanene kuti chipikisheni chilichonse chopanda waranti n'cholakwa. Linasiyanitsa nyumba yogona ndi malo a bizinesi amene mwini wake analowa yekha m'ntchito yoyang'aniridwa ndi boma. Lamulo litakonzedwa, zinakhala chonchi: pa boda, pa bwalo la ndege, pa doko, ndi pamalo amene ali ndi laisensi kapena analembetsedwa ku kasitomu, wa SARS amalowa popanda waranti. Kwina konse, makamaka m'nyumba yogona, amafunika waranti yochokera kwa majisitireti kapena jaji, pokhapokha mwini malo atavomera yekha, kapena ngati pali chifukwa chomveka chokhulupirira kuti waranti ikanaperekedwa koma kuidikira kuchititsa kuti katunduyo asowe.

Ndiye kwa inu, chigamulochi chimagwira ntchito pa kachipinda kamene mwachita lendi ku Joni, komwe mwaunjika zikwama podikira thiraki. Akagogoda, muli ndi ufulu wopempha chiphaso cha ntchito cha munthuyo ndi waranti, n'kuona ngati adiresi yolembedwapo ndi ya pamalopo. Mukangoti "lowani", mwavomera, ndipo nkhani ya waranti yathera pomwepo. Musatseke njira kapena kulimbana nawo. Nenani momveka kuti simunavomere, lembani mayina awo, nthawi ndi nambala ya galimoto, zotsalazo ndi za loya. Apolisi nawonso anachepetsedwa mphamvu mu 2021 pa mlandu wa Residents of Industry House, wokhudza zipikisheni za m'nyumba zosanja za pakati pa Johannesburg, pomwe khoti lomweli linakana zoti kungotchinga dera kukhale chilolezo cholowera m'zipinda za anthu popanda waranti. Koma basi ikafika pa Beitbridge, zonsezi muiwale. Pa boda amatsitsa chikwama chilichonse n'kuchitsegula, ndipo lamulo la apolisi limawalola kusecha popanda waranti mpaka makilomita 10 kuchokera m'malire a dziko.

Chimene chimateteza katundu panjira ndi mapepala, ndipo mapepalawo amayambira pa kauntala ya sitolo. Gawo 102 la lamulo la kasitomu lija limati aliyense wopezeka ndi katundu wochokera kunja kwa South Africa, akafunsidwa, asonyeze umboni wa kumene anamugula. Nsapato ndi zovala zambiri za ku Dragon City ndi ku China Mall, misika ya ku Joni, zinachokera kunja, choncho gawoli limakukhudzani mwachindunji, ndipo udindo wobweretsa umboni ndi wanu, osati wa SARS. Kapepala kolemba pamanja kuti "nsapato R8,000" kopanda dzina la sitolo si umboni. Pemphani tax invoice yokhala ndi dzina ndi adiresi ya wogulitsa, nambala yake ya VAT, tsiku, mtundu wa katundu, kuchuluka kwake ndi mtengo. Invoisi ikapitirira R5,000 iyenera kukhalanso ndi dzina ndi adiresi yanu, ndipo dzinalo lilembedwe monga lilili m'pasipoti. Masitolo ena amakuuzani kuti popanda invoisi akutsitsirani mtengo. Kutsitsako n'kochepa poyerekeza ndi zimene mudzalipire katundu akagwidwa.

Invoisi yomweyo ndi imene imabweza VAT. Ku South Africa VAT ndi 15 peresenti, ndipo mlendo amene wagula katundu woposa R250 akhoza kuitanitsa ndalamayo kudzera kwa VAT Refund Administrator, bola katunduyo atuluke m'dzikomo pasanathe masiku 90 kuchokera tsiku la pa invoisi, kudzera pa chipata chovomerezeka monga Beitbridge kapena Lebombo. A kasitomu ayenera kuona katunduyo ndi kudinda invoisi musanawoloke. Ambiri amaluza ndalamayi chifukwa zikwama zili pansi penipeni pa ngolo ya basi ndipo dalaivala akukana kumasula, kapena chifukwa invoisi ili m'dzina la mnzawo amene anawaperekeza ku sitolo. Pa katundu wa R23,000, VAT yomwe ili m'kati mwake ndi R3,000. Amachotsapo kangachepe ka ntchito yawo, komabe yotsalayo imathandiza pa thiransipoti.

Za ndalama ndi masiku ndidutsa msanga. Ma rand a m'thumba ali ndi malire ake polowa kapena potuluka, ndipo mu 2025 malirewo anali R25,000. Pasipoti ya Malawi imapatsidwa masiku osapitirira 30, ndipo muziwerenga chimene chadindidwa, chifukwa nthawi zina amalemba ochepa. Mukapitiriza masiku amakuletsani kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo ngati mwapitiriza ndi masiku oposa 30 chiletsocho chimafika zaka 5.

Katundu akachuluka moti sangayende ngati zikwama za m'basi, amayenda pa thiraki ndi fomu ya SAD 500, yomwe amalemba ndi ajenti wolembetsedwa ku SARS. Apa ndi pamene geni ya ambiri imafera, pa ma transporter amene amasakaniza katundu wa anthu makumi awiri pa pepala limodzi. Mmodzi mwa anthuwo akaikamo nsapato zachinyengo zolembedwa Nike, kapena mankhwala opanda chilolezo, thiraki yonse imaimitsidwa. Gawo 87 limalola kulanda katundu wosatsata lamulo, ndipo ngakhale galimoto yomunyamula ikhoza kulandidwa. Katundu wachinyengo ali ndi lamulo lakelake, Counterfeit Goods Act ya 1997, ndipo eni ma brand amakhala ndi maloya awo okonzeka. Musanakweze katundu, transporter akupatseni lisiti yosonyeza chiwerengero cha zikwama zanu, nambala ya thiraki ndi dzina la ajenti. Chikwama chilichonse chilembedwe dzina ndi nambala, ndipo mukhale ndi mndandanda wa zimene zili m'chikwama chilichonse. Mainvoisi enieni ayende ndi katundu, inu musunge zithunzi zake m'foni. Transporter amene akukana kukuonetsani mapepala a kasitomu, n'kumati "za pa boda zisiyireni ine", ndiye kuti akudalira ziphuphu, ndipo tsiku limene munthu wake sali pa ntchito, wolira ndi inu.

Njira yodziwika ndi ya Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kulowa Mozambique pa Cuchamano, kudutsa Tete, n'kutulukira pa Zóbuè kulowa Mwanza, kapena pa Calómuè kulowa Dedza. Ku Zimbabwe ndi ku Mozambique katundu wanu ndi wongodutsa. Salipira msonkho wa kumeneko, koma amayenda pa bondi (chikole) ya ajenti, ndipo a ZIMRA, a kasitomu a ku Zimbabwe, amamanga ma seal n'kupereka nthawi yoti thiraki ikhale itatuluka. Seal ikaduka kapena katundu akatsitsidwa panjira, amatenga ngati mwagulitsa m'dziko mwawo. N'chifukwa chake si nzeru kukweza katundu wanu pa thiraki imene ikukasiya zina ku Harare popanda mapepala osiyana.

Tsopano tinene kuti a SARS agwira katundu. Funso loyamba n'lakuti pepala limene akupatsani likuti detention kapena seizure, chifukwa ndi zinthu ziwiri zosiyana ngakhale zonse zili m'gawo 88. Detention ndi kuimitsa katundu kuti afufuze ngati ali ndi mlandu. Pa nthawi imeneyi katundu akadali wanu, ndipo mainvoisi, umboni wa malipiro ndi kalata yofotokoza zikafika msanga, nthawi zambiri amamasulidwa. Seizure ndi kulanda, pamene iwo atsimikiza kuti lamulo laphwanyidwa. Musachoke pamalopo opanda pepala lolembedwa chiwerengero cha katundu, gawo la lamulo limene agwiritsa ntchito, ndi dzina la wogwirayo. Katundu wogwidwa pakamwa pokha alibe pomutsatira.

Kuchokera apo masiku amayamba kuwerengedwa, ndipo sadikira kuti mubwerere ku Lilongwe kukasaka ndalama. Apilo ya m'kati mwa SARS imalembedwa pa fomu ya DA 51 pasanathe masiku 30 ogwira ntchito. Amene akufuna kukatsutsa seizure kukhoti ayenera kupereka chidziwitso pasanathe masiku 90 chilandidwire katunduyo, ndipo gawo 96 limafuna kuti SARS ichenjezedwe mwezi umodzi mlandu usanayambe, pa fomu ya DA 96. Lamulo lina, la PAJA la 2000, limakupatsani ufulu wopempha zifukwa zolembedwa za chiganizo chilichonse cha ofesi ya boma. Palinso gawo 93, lomwe limalola SARS kubweza katundu wolandidwa mukapereka zifukwa zomveka n'kulipira msonkho, chindapusa ndi zolipira zina. Kwa wa geni wamng'ono, njira ya gawo 93 ndi apilo ya DA 51 ndi zimene zili ndi phindu. Kupita ku khoti lalikulu chifukwa cha katundu wa R30,000 n'kugula mbereko mwana atakula kale, chifukwa loya yekha adya ndalama yoposa pamenepo, uku lendi ya ku state warehouse, kosungira katundu wogwidwa, ikukwera tsiku ndi tsiku. Makampani ngati ija ya ku Cape Town amatha kumenya mlandu mpaka kumapeto, ife timangodyerera zigamulo zawo.

Mukafika pa Mwanza kapena pa Dedza, chigamulo cha Gaertner chatsala kutsidya. Khoti la ku South Africa sililamula MRA. Kuno katundu wa malonda amalembedwa pa Form 12 kudzera mu ASYCUDA World, njira ya pakompyuta ya a kasitomu, ndipo pamafunika TPIN, nambala yanu ya msonkho. Msonkho sauwerengera pa mtengo wa pa invoisi wokha, amaphatikiza thiransipoti ndi inshuwalansi mpaka pa boda. Mwachitsanzo, zonsezo zikakwana K1,000,000 pa katundu wa duty ya 25 peresenti, duty ndi K250,000, ndipo VAT imawerengedwa pa K1,250,000, kuphatikizanso excise ngati katunduyo ali nayo. Amene amawerengera VAT pa K1,000,000 yokha amapezeka ndalama zaperewera ali pa windo. Satifiketi ya SADC imachepetsa duty pa katundu wopangidwadi ku South Africa basi. Jinzi yopangidwa ku China siisanduka ya ku South Africa chifukwa choti mwaigula ku Fordsburg. Zakudya, zodzola ndi zipangizo zamagetsi zimadutsanso m'manja mwa a MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu, ndipo katundu wina amafuna chilolezo cha unduna wa zamalonda pansi pa Control of Goods Act. Mndandanda wa zoletsedwa umasintha, monga zinachitikira mu March 2025, choncho muziufunsa musanakwere basi, osati muli kale pa mzere pa Mwanza.

Kwathu kuno malire a mphamvu za maofesi a boma ali m'gawo 43 la malamulo aakulu a dziko, lomwe limati chiganizo chokhudza ufulu wa munthu chikhale chotsata lamulo, chachilungamo, ndipo zifukwa zake ziperekedwe molemba. Wa MRA akakana mtengo wa pa invoisi yanu n'kuika wake, pemphani kuti alembe chifukwa chake, kenako dandaulani molemba kwa mkulu wa pa siteshoniyo, ndipo zikakanika nkhaniyo imakwera mpaka kwa Commissioner General. Khoti lalikulu lilinso ndi nthambi yake yoona milandu ya misonkho. Chimene chimathandiza pa mkangano wa mtengo ndi umboni wa mmene munalipirira: kasilipi ka makina a khadi kapena sitetimenti ya kubanki yogwirizana ndi invoisi imamveka kuposa lisiti ya ndalama za pamanja.

Mukamaliza pa boda musataye pepala lililonse. A FAST, gulu la MRA lolimbana ndi ozembetsa katundu, amaimitsa magalimoto m'kati mwa dziko, ndipo amafananiza zikwama zimene zili m'galimoto ndi zimene zalembedwa pa Form 12. Ngati transporter analipira msonkho wa anthu onse pa pepala limodzi, mumuuze akupatseni kope yosonyeza mzere wa katundu wanu musanasiyane naye pa depoti, chifukwa a MRA akhoza kudzafunsa mapepalawo ngakhale katundu ali kale pa shelefu ku Limbe.