Keke ya pambaula ndi mpunga wa anthu 25 pa Khirisimasi

Achemwali, ndawerenga funso lanu. Mwati chaka chino Khirisimasi ichitikira kwanu, kukubwera apongozi, alamu ndi ana awo, onse ngati 25, ndipo mulibe uvuni koma mukufuna pakhale keke. Mtima m'malo. Ine ndaphikirapo chikhamu chotere kangapo ndi mbaula ziwiri ndi mafuwa basi.

Chinsinsi chake n'chakuti ntchito isaunjikane pa 25. Keke ndi thobwa zithere pa 24. Makala gulani sabata ino muwasunge m'nyumba, chifukwa Disembala ndi mvula, ndipo makala onyowa amangokuliritsani ndi utsi alendo ali pakhonde.

Tiyambe ndi kekeyo poti ndi imene ikukusowetsani tulo. Tengani majarini magalamu 250 ndi kapu imodzi ya shuga, mutakase ndi mthiko mpaka ziyere ndi kupepuka. Apa m'pamene ambiri amachita ulesi, keke n'kutuluka yolimba ngati njerwa. Dzanja likatopa mupatseni mnyamata wapakhomopo apitirize. Kenako swerani mazira 4, limodzilimodzi, mukutakasa. Sefani makapu awiri a fulawa pamodzi ndi masupuni aang'ono awiri a baking powder, muziika pang'onopang'ono mosinthana ndi theka la kapu ya mkaka. Fulawa akalowa musatakasenso mwamphamvu, bola angosakanikira. Mukapalira khungu la ndimu m'menemo fungo la mazira limatha. Muyezo umenewu ndi wa keke imodzi, ndiye kwa anthu anuwo pangani ziwiri.

Uvuni wanu ndi sefuliya yaikulu yokhuthala. Thiranimo mchenga wakumtsinje wouma, wokwana zala ziwiri kuya kwake, muvundikire, utenthe kaye mphindi 15. Mchengawo uyanikeniretu lero, wonyowa umatulutsa nthunzi n'kuwononga zonse. Chitini cha keke chipakeni majarini, muwazemo fulawa, muchikhazike pamchengapo osakhudza m'mbali mwa sefuliya. Vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo n'kuika makala oyaka pamwamba. Pamwamba pakhale moto wochuluka, pansi makala ochepa chabe. Ine ulendo woyamba ndinakoleza mbaula yonse ngati ndikuphika nyemba. Keke inapserera pansi bii, pakati pali phala. Ndinapala makokowo ndi mpeni kuseri kwa khitchini, koma apongozi anga atalawa anangoti, "Mayi, chikondamoyo chanu n'chonona." Mpaka lero alamu anga amandiseka nacho.

Musavundukule mphindi 30 zisanakwane, ikapitidwa mphepo imafota pakati. Nthawi zambiri imapsa pakati pa mphindi 45 ndi ola limodzi. Bayani ndi mpeni pakati, ukatuluka wouma ndiye kuti yapsa. Izizire, muikulunge m'nsalu yoyera, muibise kutali ndi ana.

Mpunga gulani makilogalamu 4, Kilombero wa ku Karonga ngati thumba likulola. Mununkhize musanalipire, pakuti nyengo ino ena amausakaniza ndi wina wotchipa. Kupeta ndi kusankha timiyala chitireni madzulo a pa 24. Muuphike m'mapoto awiri, osati limodzi, chifukwa mpunga wambiri m'poto mmodzi umaphwetera pansi pamwamba usanapse. Madzi akangouma phulani makala apansi muwaike pachivundikiro, monga mwachitira ndi keke muja, ndipo udzayoyoka bwinobwino.

Nkhuku zikhale 5, zachikuda. Zachizungu zimapsa msanga koma msuzi wake sufika. Yachikuda iwire kaye ndi mchere mpaka ifewe, zina zimadya ola ndi theka, kenako mukazinge n'kubwezera msuzi wake uja pamodzi ndi tomato ndi anyezi. Nthutumba muziyang'anire, ipite m'mbale ya apongozi aamuna. Ikasowa imeneyo ndi mlandu, ngakhale patadzaza nyama yotani.

Thobwa ndiye yambani pa 23 madzulo. Phikani phala la mgaiwa, lizizire mpaka chala chizipirira, muthire chimera, cha mawere ndiye chokoma, ligone chivundikirire. Pa 24 m'mawa muwiritsenso. Mukafulumira kwambiri kuphika, pofika tsiku lenilenilo likhala litayamba kusasa, a kumpingo n'kuyamba kuyang'anana. Za kabichi, tchipisi ndi Sobo wa ana sindikuuzani, mukuzidziwa, koma kabichiyo muduliretu m'mawa musanapite kutchalitchi.

Ndipo musanamizike kuti poti kuli mpunga ndiye nsima ayi. Akuluakulu adzadya mpungawo mbale ziwiri, dzuwa likamapendeka mudzamva wina akufunsa kuti kodi lero tigona ndi njala. Sungani ufa woyera, nkhwani wotendera pang'ono ndi msuzi wa nkhuku wotsala, ndipo mlamu mmodzi mumuuziretu kuti mthiko wamadzulo ndi wake.