Susenyos anapambana nkhondo, nanga anasiyiranji mpando?

Bambo wina wandilembera pa imelo kuti: "Ndinawerenga kuti Susenyos, mfumu yaikulu ya ku Ethiopia, anagonjetsa omuukira. Nanga anatuliranji pansi ufumu?"

Bambo, nzoona, pankhondo munthu ameneyu sankacheza. Mpandowo anaulanda mu 1607 atagonjetsa Yaqob, yemwe anali mfumu panthawiyo. Mavuto anayamba atakopeka ndi chiphunzitso cha Pedro Páez, wansembe wachikatolika wa chipani cha Ajezuiti. Mu 1617 mkamwini wake Yolyos anamuukira pofuna kuteteza mpingo wa makolo wa Orthodox, ndipo anafera kunkhondoko pamodzi ndi Abuna Simon, mkulu wa mpingowo. Mu 1622 mfumu inalengeza poyera kuti ndi Mkatolika, ndipo chaka chomwecho Páez, yemwe ankadziwa kuyenda ndi anthu mwapang'onopang'ono, anamwalira.

Kenako kunabwera Afonso Mendes, Mjezuiti amene anatumizidwa kudzakhala mkulu wa mpingo wachikatolika ku Ethiopia. Apa ndi pamene ine ndimaona kuti zinthu zinasokonekera. Mendes analamula kuti Akhristu abatizidwenso, ansembe adzozedwenso, matchalitchi adalitsidwenso, mdulidwe uleke. Kusunga Loweruka ngati Sabata kunali kutaletsedwa kale. Taganizani mlimi wa kumapiri, amene makolo ake anakhala akupemphera chikhristu zaka zoposa 1,000, akuuzidwa kuti ubatizo wake ndi wachabe ndipo wansembe amene anaika maliro a bambo ake si wansembe. Mkangano wa akatswiri pa umunthu ndi umulungu wa Khristu akanaupirira, koma izi zinamulowera m'nyumba.

Tekle Giyorgis, mkamwini winanso, anaukira ku Tigray, chigawo cha kumpoto, mu 1628, ndipo anagwidwa n'kupachikidwa. Koma anthu wamba a ku dera lamapiri la Lasta, motsogozedwa ndi Melka Kristos, anavuta kuyambira 1629. Mu June 1632 asilikali a mfumu anawaphwasula, ndipo olemba mbiri amati anafa anthu pafupifupi 8,000.

Mitembo imeneyo sinali ya adani ochokera kunja ayi. Anali alimi a mfumu yomweyo, Akhristu, ena achibale a asilikali amene anawapha. Mwana wake Fasilides ndi nduna anamuuza zimenezi pamaso. Mwezi womwewo Susenyos analengeza kuti anthu abwerere ku chipembedzo cha makolo awo, n'kusiyira Fasilides ulamuliro. Iye mwini sanasiye Chikatolika, ndipo anamwalira mu September 1632.

Fasilides sanachedwe: anathamangitsa Mendes ndi Ajezuiti anzake, ndipo cha mu 1636 anakhazikitsa likulu lake ku Gondar.